Ndalama za Mtukula Pakhomo sizithera pa kachasu

Pali mawu amene amamveka m'minibasi, pa wailesi anthu akamaimba foni, ngakhalenso pakamwa pa anthu ophunzira bwino. Akuti wosauka ukamupatsa ndalama m'manja amataya khasu, ndipo dzuwa lisanalowe ndalamayo imakhala ili kale kwa mayi wotcheza kachasu. Akuti bola kumupatsa chimanga kapena feteleza. Wolankhulayo sasowa umboni: kwawo kuli bambo wina amene anamuona akudzandira tsiku lolandira ndalama. Bamboyo alipo, sitikukana. Koma nkhaniyi akatswiri a zachuma aifufuza kwa zaka zambiri, ngakhale kuno kwathu, ndipo zomwe apeza zikutsutsana ndi mphekeserayi.

Tiyambe ndi amene amalandira. Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopatsa osauka ndalama, anayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo amasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera adzukulu amasiye, olumala, odwala matenda a mgonagona, ana olera ana anzawo. Gogo amene msana unapindika kalekale tingamunene bwanji kuti ndalama zamuphunzitsa ulesi?

Pakati pa 2013 ndi 2015, ofufuza a ku University of North Carolina pamodzi ndi a Centre for Social Research ku Zomba anatsatira mabanja a ku Salima ndi ku Mangochi. Midzi ina inayamba kulandira msanga, ina inadikira, ndipo anasankha mwa maere kuti pasakhale kukondera. Olandirawo anayamba kudya kawiri kapena kuposera apo pa tsiku, ana ambiri anakhala pa sukulu, pakhomo panaoneka nkhuku ndi mbuzi. Chimene chinachepa ndi ganyu. Mayi amene m'mwezi wa Januwale ankapalira munda wa mwini kuti alandire kambale ka ufa, munda wake uli thengo, tsopano ankapalira wake. Mwina apa ndi pamene pachokera dandaulo lina la ulesi: wolemba ganyu akasowa womulimira motchipa, amaona ngati mudzi wonse wagona.

Za mowazo, David Evans ndi Anna Popova a ku World Bank anasonkhanitsa mu 2014 kafukufuku 19 wa ku Africa, Asia ndi Latin America. Anapeza kuti mabanja akalandira ndalama, zimene amawononga pa mowa ndi fodya sizikwera, ndipo m'malo ambiri zimatsika kumene. Abhijit Banerjee, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2019, anaunika ndi anzake ndondomeko zisanu ndi ziwiri zopereka ndalama m'mayiko osauka, osapeza umboni woti olandira amasiya ntchito. Ku Siaya, m'dziko la Kenya, bungwe la GiveDirectly linapatsa mabanja pafupifupi madola 1,000 lililonse. Mitengo ya zinthu pa msika sinakwere kwenikweni, ndipo ngakhale amene sanalandire anapindula, poti mmisiri wa nyumba, wachigayo ndi wa kabaza onse anapeza makasitomala.

Sitikunena kuti ndalama ndi mankhwala a zonse. Ku Zomba, mu 2008 ndi 2009, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anayesa kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Ena ankalandira pokhapokha akamapita ku sukulu, ena popanda lamulo lililonse. Lamulolo linathandizadi kuti atsikana asajombe, koma kukwatiwa msanga ndi mimba zinachepa kwambiri pakati pa olandira popanda lamulo, chifukwa mtsikana akasiya sukulu ankakhalabe ndi kangachepe kogulira sopo osadalira mwamuna. Ofufuzawo atabwerera patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya, phindu lambiri linali litazilala. Zimenezi sanabise, anazilemba poyera. Wofuna kutsutsa ndondomekoyi agwire pamenepa, osati pa kachasu.

Palinso funso limene anthu a maganizo ozama amafunsa, ndipo ife tikulifunsa: ndani amadziwa bwino chosowa cha pakhomo, mwini khomo kapena bwana wa ku Capital Hill? Wogwira ntchito m'boma akalandira malipiro, palibe amamulondola kuti aone ngati wakhotera ku bala. Tikaumirira kuti wosauka alandire katundu basi, timaiwala kuti makuponi a feteleza ankagulitsidwa kwa mavenda chaka ndi chaka, nthawi zambiri chifukwa m'nyumba munali wodwala kapena munalibe ufa.

Mavuto enieni a Mtukula Pakhomo ndi ena. Ndalamazo ndi zochepa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mphamvu yake yogulira zinthu inatsikiratu. Gawo lalikulu la thumbali limachokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, Germany, European Union ndi Ireland. Aphungu athu akamakambirana bajeti, tikufuna timve kuti boma liikamo zingati zakezake, komanso ndani adzalipire gogo wa ku Mchinji tsiku limene abwenziwo adzatseke thumba.