Anamutsekera khomo, kenaka n'kumuombera m'manja

Usiku wa pa 10 Epulo 1972, mumzinda wa Los Angeles ku America, chikhamu cha anthu otchuka pa nkhani za kanema chinaimirira n'kuomba m'manja kwa mphindi 12. Abale, tayesani kuomba m'manja kwa mphindi ziwiri zokha muone mmene zikhatho ziwawira. Amene ankamuombera m'manjayo anali nkhalamba ya zaka 82, imvi mbuu, yoyenda mwapang'onopang'ono, dzina lake Charlie Chaplin. Ankamupatsa mphotho yaulemu ya Oscar pothokoza ntchito ya moyo wake wonse, ndipo mpaka lero kuomba m'manja kwa usiku umenewo kumatchulidwa kuti ndi kotalika koposa pa mwambo umenewu.

Ena mwa inu, makamaka akuluakulu, mumamudziwa mkuluyu ndi dzina limene Apwitikizi amamutchula, loti Charlot. Ndi kamunthu kaja ka chipewa chozungulira, tindevu tapamlomo, buluku lalikulu, nsapato zoposa msinkhu ndi kandodo kopindika kumutu. M'mafilimu ake ambiri salankhula n'komwe, motero mwana wa ku Angónia amene sadziwa Chingerezi angathe kuseka mpaka kugwira nthiti chimodzimodzi mwana wa ku London.

Sabata ino ndafuna tikambirane za mphotho imeneyi chifukwa ine ndikaiganizira ndimaona kuti amene anapindula nayo kwambiri anali oipereka, osati woilandira. Kuti mundimvetse, tiyambire kumbuyo.

Chaplin anabadwira ku London m'chaka cha 1889, m'banja losauka kwadzaoneni. Bambo ake anali chidakwa, mayi ake anadwala misala, ndipo iye ali ndi zaka 7 anatengeredwa kunyumba ya boma yosungirako amphawi. Ndiye mukamuona mufilimu ya The Gold Rush ya 1925 akuphika nsapato mumphika, n'kuidya mwaulemu ndi mpeni ndi foloko ngati nyama yankhuku, dziwani kuti nthabwala imeneyo anaipeka munthu woidziwa njala. Amene munapyola m'zaka za chilala mukudziwa kuti pali kuseka kwina kumene kumabwera m'mimba muli pululu.

Anayamba kupanga mafilimu ku America mu 1914, ndipo pasanathe zaka zambiri analemera n'kutchuka dziko lonse lapansi. Mu 1940 anatulutsa The Great Dictator, filimu yonyoza Adolf Hitler, pa nthawi imene America inali isanalowe nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Paja akulu anati wamisala anaona nkhondo. Koma atayamba kulankhula pamisonkhano mu 1942 kuti maiko athandize dziko la Soviet Union polimbana ndi Hitler, ena anayamba kumuyang'ana ndi diso lofiira. Nkhondo itatha, ku America kunabuka mantha aakulu oopa chikomyunizimu, ndipo apolisi a FBI, motsogozedwa ndi J. Edgar Hoover, anali ndi mulu wa mapepala onena za iye. Chinanso chimene chinkawanyansa n'chakuti anakhala m'dzikolo zaka pafupifupi 40 osatenga unzika wake.

Tisamuyeretse mopitirira ayi. Mbiri yake pa nkhani ya akazi sinali yabwino. Anakwatira kanayi, ndipo mwa akazi akewo munali atsikana aang'ono kwambiri poyerekeza ndi iye. Mkazi wake womaliza, Oona, anali ndi zaka 18 pamene iye anali ndi 54. Panalinso mlandu wa mimba umene manyuzipepala anaukokera kutali, ngakhale kuti kuyeza magazi kunaonetsa kuti mwanayo sanali wake. Adani ake sanavutike kupeza pomugwira.

Ndiye mu Sepitembala 1952 anakwera sitima yapamadzi ndi banja lake kupita ku London kukaonetsa filimu yake yatsopano, Limelight. Sitima ili pakati pa nyanja, uthenga unamupeza woti mkulu wa zamalamulo m'boma la America, James McGranery, wamulanda chilolezo chobwerera, ndipo akafuna kulowanso ayenera kuyamba wafunsidwa za ndale zake ndi khalidwe lake. Taonani kachitidwe kake: anadikira kuti munthu atuluke kaye panja, ndiye n'kutseka chitseko. Chaplin sanagogode. Anakagula nyumba ku Corsier-sur-Vevey m'dziko la Switzerland n'kukhala kumeneko. Mapepala a FBI aja atatsegulidwa m'zaka za m'ma 1980, kunapezeka kuti boma linalibe umboni weniweni umene likanamukanizira kulowa.

Zaka 20 zinadutsa asanapondenso America. Tsono kalata yomuitana kukalandira mphotho itafika, mkuluyu akanatha kukana, ndipo palibe akanamunena. Ambiri a ife tikanati akadye okha chikho chawocho. Iye anazengereza, koma mapeto ake anavomera, nakwera ndege ndi Oona. Anayamba waima ku New York kumene anamuchitiranso phwando laulemu, kenaka n'kupitirira ku Los Angeles.

Usiku wa mwambowo anayamba aonetsa zidutswa za mafilimu ake akale. Magetsi atayaka, anthu anangoona nkhalamba yaima pansanja, ndipo holo yonse inanyamuka. Amene anaonera chithunzi cha usiku umenewo amaona munthu wogwidwa m'khosi, maso ali ndi misozi, akuyang'ana uku ndi uku ngati sakukhulupirira. Atapatsidwa mpata wolankhula sanatalikitse. Ananena kuti mawu ndi operewera pa nthawi ngati imeneyo, nathokoza chifukwa chomuitana, n'kuwatcha anthuwo kuti ndi abwino ndi okoma mtima. Basi. Sanatchule sitima ija, sanatchule McGranery, sanatchule zaka 20. Kenaka katswiri wina wa mafilimu, Jack Lemmon, anamubweretsera chipewa ndi kandodo kaja.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga. Mawu olembedwa operekera mphothoyo ankatamanda zimene Chaplin anachita potukula kanema kuti akhale luso lolemekezeka. Za 1952 munalibemo ngakhale liwu limodzi. N'zoona kuti amene anamutsekera khomo ndi boma, osati bungwe lopereka Oscar. Koma pa nthawi imene ankasautsidwa, ndi owerengeka mwa anzake a ku Hollywood amene anatsegula pakamwa kumuikira kumbuyo. Eni nyumba zambiri zoonetsera kanema anakana kuonetsa Limelight poopa magulu amene ankaopseza kuti anyanyala. Ngakhale pamsewu wotchuka wa ku Hollywood, pamene amalemba maina a akatswiri pansi m'nyenyezi, dzina la Chaplin analisiya poyamba, n'kudzaliika mu 1972 momwemo.

Kumudzi munthu akakulakwira, amabwera ndi nkhuku, ankhoswe ali pomwepo, n'kutchula ndi pakamwa pake chimene analakwa. Nkhuku yopanda mawu si chipepeso. Anthu a ku Hollywood anabweretsa nkhuku yonona ndithu, koma mawu anawameza, ndipo mphindi 12 zija ine ndimaziona ngati njira yodzipeputsira mtima popanda kunena kuti pepani. Anadikiranso mpaka munthuyo atakalamba, sangapangenso filimu yowabaya ngati A King in New York ya 1957, imene inaseka poyera mchitidwe wawo wosakasaka achikomyunizimu. Wanthabwala woti mano anatha savuta kumulemekeza.

Komabe sindinganene kuti Chaplin anapusa povomera. Munthu amene moyo wake wonse ankadya za kuseka kwa anthu, chimene chimamupweteka koposa ndi kuganiza kuti anthuwo anamuiwala kapena amamuda. Ndalama anali nazo, nyumba yaikulu anali nayo, ana asanu ndi atatu ndi Oona anali nawo. Chimene Switzerland sikanamupatsa ndi kuona ndi maso ake kuti mumzinda umene anagwiramo ntchito kuyambira ali mnyamata akadali ndi malo. Misozi ija sinali ya sewero. Anapita kukatenga chinthu chimene iye yekha ankachisowa, ndipo za mangawa a enawo anawasiyira eni ake. Atatha mwambo anabwerera ku Switzerland, kumene anamwalira tsiku la Khrisimasi mu 1977.

Pali kankhani kena kotsalira kamene kakanakhoza kulowa mufilimu yake. Malamulo a Oscar ankati filimu ipikisane pokhapokha itaonetsedwa ku Los Angeles, ndipo Limelight, chifukwa cha kunyanyala kuja, inadzaonetsedwa mumzindawo mu 1972. Motero mu 1973 filimu ya zaka 20 inalowa mumpikisano ngati yatsopano, n'kupambana. Imeneyi ndiyo Oscar yokhayo imene Chaplin anaipata mochita kupikisana ndi ena, ndipo sinali ya nthabwala kapena ya kusewera, koma ya nyimbo za mufilimumo. Anagawana ndi anthu ena awiri, Raymond Rasch ndi Larry Russell. Onse awiri anali atamwalira kalekale.