Mbuzi ikamalira, musaithire mchere m'maso

Anzanga, ambiri a ife tikaweruka kuno timapita kubusa kapena kukatsekera mbuzi m'khola. Ndiye chiweto chikayamba kutuluka misozi, oyamba kuona timakhala ifeyo. Vuto ndi zimene zimachitika pambuyo pake. Wina amathamangira mchere, wina fodya wopera, wina shuga, ena mpaka tsabola, eti kuti diso litsukike. Ine ndikuti chizolowezi chimenechi chithe basi. Tikuphulitsa maso a mbuzi zomwezo zimene makolo amagulitsa kuti atilipirire fizi.

Misozi payokha si matenda ayi, ndi chizindikiro chabe. Mwina m'diso muli chimene chikupweteka, kapena kanjira kotaya misozi katsekeka. Kanjirako kamachokera pakona ya diso kupita m'mphuno, n'chifukwa chake nafenso tikamalira timatuluka mamina. Choncho funso loyamba likhale lakuti: chikuliza chiwetochi n'chiyani?

Nthawi zina ndi chitsotso wamba, monga kambewu ka udzu kapena fumbi. Ziweto zili ndi chikope chachitatu pakona ya diso chakumphuno, ndipo zitsotso zimakonda kubisala kuseri kwake. Nthawi zina ndi chikwapu. Inu oyendetsa ngolo amene mumakwapula ng'ombe kumaso kuti ikhote, mukundimva.

Koma mdani wamkulu ndi ntchentche. Zimatera pa diso la ng'ombe yodwala, kenako n'kukatera pa yabwinobwino, zitanyamula bakiteriya wotchedwa Moraxella bovis. Diso limafiira, ng'ombe imatsinzina ikaona dzuwa, patapita masiku ochepa pakati pa diso pamaoneka kadontho koyera. Kadontho kameneko ndi chilonda. Tangoganizani kuthira mchere wouma pa chilonda cha pamwendo panu, ndiye muyerekeze kuti chilondacho chili m'diso. Ng'ombe imakhula nkhope pa mtengo chifukwa cha ululu, chilonda n'kukula, mwina diso n'kuphulika. Ntchentche zomwezo zimabweretsanso tinyongolotsi toyera ngati ulusi totchedwa Thelazia, timene timakhala pansi pa chikope. Mukayang'anitsitsa mumatha kutiona tikuyenda m'misozimo. Zonyansa, koma zoona.

Palinso vuto lina limene anthu ambiri salidziwa. Ana ena a nkhosa, a mbuzi ndi a agalu amabadwa chikope chitapindikira mkati, makamaka cham'munsi. Madokotala a ziweto amalitchula kuti entropion. Kamwanako kakaphethira, ubweya wa pachikope umakanda diso, tsiku lonse, tsiku lililonse. Ndiuzeni, fodya angawongole chikope? Chofunika apa ndi munthu wophunzira amene angachibwezere m'malo mwake, nthawi zina pochisoka. Vutoli limayendanso m'magazi, ndiye tonde kapena nkhosa yamphongo imene ikubereka ana otere si yosunga ngati mbewu.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi ichi: nthawi zina diso silimene likudwala. Ng'ombe ikamatuluka misozi maso onse awiri, thupi latentha, yasiya kudya, ndipo kunsi kwa khutu kwatupa, akhoza kukhala matenda a chigodola obwera ndi nkhupakupa. Amenewo amapha pasanathe mwezi. Nkhuku yotupa maso ndi yogwa mapiko mwina ili ndi chitopa. Inu muli kalikiliki ndi diso, matenda akudya chiweto chonse.

Ndikudziwa chimene ena munene. Alangizi a ziweto ali kutali, mankhwala ndi okwera mtengo, komanso agogo akhala akuthira mchere kuyambira kale ndipo ng'ombe zinkachira. Za mtunda ndi ndalamazo sinditsutsa. Koma za kuchirazo tiyeni timvetsetsane. Maso ambiri ofiira amapola okha pakapita milungu ingapo, ndiye mchere umangotenga ulemu wa ntchito imene thupi lagwira lokha. Nanga ng'ombe za diso limodzi zimene timakumana nazo kudambo zija, bwanji palibe amene amaziwerengera ku mbali ya mchere?

Zimene ife tingachite n'zosafuna ndalama. Wiritsani madzi, azizire, mutsuke diso mofatsa ndi kupukuta manthongo ndi kansalu koyera. Ngati mukufunadi mchere, usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi m'theka la lita ya madzi owiritsawo, ndipo usungunuke wonse. Amenewo ndi madzi otsukira chabe, si mankhwala. Chiweto chodwalacho chikhale pamthunzi, patali ndi zinzake, ndipo ndowe zichoke m'khola kuti ntchentche zichepe. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo. Mankhwala a m'maso amene anatsala pamene achemwali ankadwala musawagwiritse ntchito, chifukwa ena mwa iwo amakulitsa chilonda cha m'diso.

Diso likayamba kuyera, chiweto chikamalephera kulitsegula, kapena zikadwala ziwiri nthawi imodzi, uzani makolo aimbire alangizi tsiku lomwelo. Musanaimbe konzekerani kuyankha izi: diso limodzi kapena onse awiri, zayamba liti, misozi yake ndi yamadzimadzi kapena yamafinya, chiweto chikudya kapena ayi, ndipo chinapita liti kudibi komaliza.