Wakutsina Khutu si Chigawenga

Msewu wodutsa pa Ulongwe pano unaona zinthu. Mu February 1965, Henry Masauko Chipembere ndi anthu ake, atathira nkhondo boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, anadzera msewu womwewu usiku polinga ku Zomba. Pa Liwonde anagwira njakata, pakuti chombo choolotsera chinali chitamangidwa tsidya lina la Shire. Ine ndinakula ndikumva kuti anthuwo anali zigawenga, ndipo nditayamba uphunzitsi ndinawatchula motero pamaso pa ana. Ndikuchita nazo manyazi.

Kodi mkanganowo unayamba ndi mfuti? Iyayi. Unayambira m'kati mwa chipani cha Malawi Congress, patangopita milungu yowerengeka chilandirireni ufulu pa 6 July 1964. Nduna zachinyamata, monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza ndi Chipembere, zinkafuna kuti zinthu zisinthe msanga. Zinkafunsa chifukwa chimene azungu anali adakali pa maudindo aakulu m'boma, chimene wodwala wosauka ankalipirira tiki ku chipatala, ndi chimene tinkagwirizanirana ndi Apwitikizi amene ankazunza abale athu ku Mozambique.

Dr Kamuzu Banda ndi omutsatira ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisawanamizire, mfundo anali nazo. Ophunzira anali ochepa, thumba la boma linali lopepuka, ndipo katundu wathu ankadzera njanji ya ku Beira, m'manja mwa Apwitikizi omwewo. Munthu sutukwana mwini bwato uli pakati pa mtsinje.

Koma apa ndi pamene ndikutsutsana ndi amene amati anyamatawo anangopupuluma. Ngati mfundo za odekha zinali zolimba, bwanji sanazisiye kuti zilimbane ndi za anzawo poyera? M'malo mwake, pa 7 September 1964, Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi mai Rose Chibambo anachotsedwa pa maudindo. Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi okha. Nyumba ya Malamulo inaombera m'manja mtsogoleri, ndipo mafunso a tiki ndi a maudindo anakwiriridwa ndi nyimbo. Kudekha kumene kumatseka anzake pakamwa sikulinso kudekha. Ndi mantha ovala jekete.

Sindikuyamikira mfuti za Chipembere. Zinadzetsa misozi m'midzi ya kunyanja, kwa anthu amene sanalowepo ndi tsiku limodzi lomwe m'chipinda cha nduna. Komatu khomo la zokambirana linali litatsekedwa kale, ndipo amene analitseka akudziwika.

Taonani mtengo wake. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi. Chisiza anaphedwa mu 1967 akulowa m'dziko ndi zida. Mu 1971 mtsogoleri anakhala wamuyaya. Chipembere anamwalira ku America mu 1975, ndipo Orton Chirwa, amene anayambitsa chipanicho mu 1959, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.