Malaibulale asamayendere mwayi, tiwafunse a bajeti

Chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 April, ndipo chisanayambe nduna ya zachuma imazungulira m'mizinda kumva maganizo a anthu pa bajeti. Alimi amakamba za feteleza, amalonda za misonkho, ogwira ntchito m'boma za malipiro. Za malaibulale sizimveka kawirikawiri. Achinyamata anzanga, chete ameneyu akupweteka ife tomwe.

Wina ati, "Laibulale ya chiyani poti zonse zili pafoni?" Chabwino. Koma bandulo imatha masiku angati ukayamba kutsitsa mabuku ndi mapepala a mayeso akale? Nanga magetsi akazima, kapena pakhomo pakakhala phokoso la ana ndi wailesi, wa Folomu 4 amene akukonzekera MSCE akawerengera kuti? Ku laibulale kuli mpando, tebulo, bata ndi munthu wodziwa kukuthandiza kupeza chomwe ukufuna. Izi foni singakupatse.

Nkhani ya William Kamkwamba timaikonda tonse. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, anakabwereka buku lotchedwa Using Energy pa kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe ku Kasungu, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Chomwe timaiwala n'chakuti mabuku a pa kalaibulale kaja anali mphatso yochokera ku America. Mu 2025 dziko lomwelo linatseka bungwe lake la USAID. Khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Kodi mwana wa ku Wimbe wa lero adikire mphatso ina?

Bungwe loyang'anira ntchitoyi tili nalo. National Library Service inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1967, likulu lake lili ku Lilongwe ndipo ili ndi nthambi ku Blantyre, Mzuzu ndi m'maboma ena. Imayendera ndalama zomwe boma limaipatsa chaka ndi chaka, ndipo mabuku ochuluka amachokera kwa abwenzi akunja monga Book Aid International ya ku Britain.

Vuto la bajeti yotere n'losavuta kulimvetsa. Ndalama zikachepa, malipiro amayamba kuperekedwa, ndipo m'pake chifukwa antchito ali ndi mabanja. Kenako magetsi ndi madzi, poopa kudulidwa. Chotsala ndicho chimapita ku mabuku, nyuzipepala ndi intaneti. Buku silinyanyala ntchito, silichita zionetsero, ndiye limakhala kumapeto kwa mzere. Onjezani apo kuti mabuku ambiri a maphunziro amagulidwa kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama ya mabuku yomwe sinakwere inayamba kugula mabuku ochepa kwambiri ngakhale papepala inkaoneka yomweyo.

Pali phunziro kwa Andrew Carnegie, mpondamatiki wa ku America amene anapereka ndalama zomangira malaibulale oposa 2,500. Mkuluyu sankangomanga. Mzinda wofuna laibulale unkalonjeza kaye kuti chaka chilichonse udzipereka ndalama zokwana 10 peresenti ya mtengo wa nyumbayo zoyendetsera laibulaleyo. Ankadziwa kuti kudula riboni n'kophweka, chovuta ndi kulipira bilu ya chaka chachisanu. Kuno timakonda riboni.

Ndiye ndikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, ndalama za mabuku ndi intaneti zikhale pa mzere wakewake mu bajeti ya bungweli, zosaloledwa kusamutsidwira ku malawansi kapena mafuta a galimoto. Mbali ina ya ndalamazo igule mabuku a alembi athu, a Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao. Mphatso ya kunja siingatibweretsere mabuku otere.

Chachiwiri, ziwerengero zikhale poyera. Nthambi iliyonse imate pakhomo, komanso pa Facebook, ndalama zomwe yalandira, mabuku atsopano omwe afika ndi anthu omwe alowa mwezi umenewo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Kufunsa si mwano.

Chachitatu, bodi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18. Mu bodi yoyendetsa malaibulale mukhale mpando wa wachinyamata amene amalowadi mu laibulale, mphunzitsi wa kumudzi komanso munthu wa ulumali. Mpando wa bodi usakhale chothokozera wina chifukwa anavina bwino pa kampeni. Amene amakhala pa benchi ndi amene amadziwa kuti kutseka 4 koloko n'kutsekera kunja ana a sukulu ndi ogwira ntchito.

Chachinayi, makhonsolo alowererepo. Ngati phungu akufuna kumanga laibulale ndi ndalama za CDF, khonsolo isaine kaye kuti wogwira ntchitoyo, magetsi ndi mabuku adzalipira ndani. Popanda zimenezo tikumangira mileme nyumba.

Ndikudziwa funso lomwe likubwera: tigule mabuku m'zipatala mulibe mankhwala? Funsolo n'loona, ndipo sindikuti laibulale ipose chipatala. Koma namwino amene adzapereke mankhwalawo zaka zikubwerazi lero ali Folomu 2, ndipo mwina akulimbirana buku limodzi la Biology ndi kalasi yonse. Buku limodzi la mu laibulale limadutsa m'manja mwa ana ambirimbiri. Ndi ndalama zochepa za boma zomwe zimagwira ntchito kambirimbiri chonchi.

Foni muli nayo m'manjayo igwire ntchito. Mulembereni khansala wanu ndi phungu wanu, muwafunse kuti laibulale ya m'boma lanu yalandira zingati chaka chino ndipo mabuku atsopano afika angati. Akayankha, tumizani yankholo m'magulu anu a WhatsApp. Akapanda kuyankha, tumizaninso zomwezo kuti anthu adziwe.