Nsanje si Mangalande: pepala la pulasitiki latiphera mbande

Alimi anzathu, tiyeni tikambe chilungamo. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mabungwe akhala akutibweretsera mbewu za matimati, anyezi, mpiru ndi kabichi kuti tidzuke nazo m'madimba. Tikuthokoza. Koma bungwe lina linabweranso ndi malangizo oti tizivundikira nazale ndi pepala la pulasitiki loonekera mkati, ati kuti mbewu zimere msanga. Malangizo amenewa atiphera mbande, ndipo tikuwakana.

Kodi nzeruyi inachokera kuti? Ku Mangalande anthu amafesa matimati mu Febuluwale kapena Malichi, kunja kukuzizira koopsa. N'chifukwa chake amafesa m'kabokosi kokhala ndi chivundikiro choonekera, kamene kamatenthetsa dothi ndi magetsi mpaka madigiri 20 kapena kuposerapo pang'ono. Ngakhale kumeneko, akaona madontho pachivundikiro amapukuta ndi kutsegula timabowo ta mpweya, ndipo mbewu zikamera amavundukula. Nanga ife kuno ku Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, tikufuna kutenthetsanso chiyani? Mbewu ya matimati imavutika kumera dothi likatentha kuposa madigiri 35.

Taona ndi maso athu zimene zimachitika pansi pa pepalalo. Masana dzuwa limaphika bedi ndipo madzi a m'dothi amasanduka nthunzi. Usiku pepala likazizira limachita thukuta, thukutalo n'kumadonthera pa mbande. Pakapita masiku ochepa mumapeza chuku choyera pamwamba pa dothi, mbande zitawonda polekezera dothi ngati wina wazimanga ndi ulusi, kenaka zimagwa. Ena amati nazale yalodzedwa. Ayi, si ufiti. Ndi matenda ovunditsa mbande, oyambitsidwa ndi tizilombo ta m'dothi monga Pythium ndi Rhizoctonia. Timasangalala pamalo onyowa, popanda mphepo, pamene mbande zathithikana. Mbande ikagwa yagwa, palibe mankhwala oyidzutsa.

Ndani amalipira? Ndi mayi uja amene wataya mbewu ndi mwezi wathunthu, amene adzafika pamsika wa Bangula matimati atadzaza kale, mtengo utagwa. Chotiwawa n'chakuti alendo aja pobwerera anati alimi sanasamale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: pepala limaoneka bwino pachithunzi cha mu lipoti, koma amene amalivundukula m'mawa ndife.

Sitikunena kuti pulasitiki ndi wachabe. Ali ndi ntchito yake, koma musanafese. Thirirani bedi kuti linyowe bwino, liphimbeni ndi pepalalo, kwirirani m'mbali ndi dothi, ndipo lisiyeni padzuwa masabata 4 mpaka 6 nyengo yotentha. Kutenthako kumapha tizilombo tambiri. Amene alibe pepala awotche mapesi kapena udzu wouma pabedi monga ankachitira makolo athu. Mukatero chotsani pepala, ndipo pamenepo mufese.

Kwezani bedi masentimita 15 mpaka 20 kuti madzi asadikhe, makamaka m'madimba a dothi lamakande. Fesani m'mizere, osati momwaza, ndipo patulirani mbande zikathithikana. Phimbirani ndi udzu wouma wochepa, ndipo muuchotse mbewu zikangoyamba kumera. Mthunzi ukhale wa udzu, pamwamba pa mitengo, m'mbali mosatseka kuti mphepo izidutsa. Thirirani m'mawa kuti pofika usiku pamwamba pa dothi pakhale patauma. Mukaona mbande yodwala, izuleni pamodzi ndi dothi lake mukataye kutali. Musabwereze nazale pamalo pamene panagwa matenda.

Tsono pempho lathu ndi ili. Bungwe lililonse lobweretsa luso latsopano liyambe laliyesa pa munda wachitsanzo kuno kuchigwa, alimi akuona, lisanaligawe m'midzi. Tikupempha a Shire Valley ADD ku Ngabu kuti malangizo a nazale ogwirizana ndi nyengo yathu afike m'makalabu onse, kuyambira ku Makhanga mpaka ku Marka. Ndipo amene wapereka malangizo olakwika abweze mbewu imene yawonongeka.

Inu mamembala, mlendo akabwera ndi pepala mufunseni kuti: munaliyesera kuti, mwezi wanji, ndipo mbande zingati zinapulumuka? Akalephera kuyankha, landirani mbewu, pepalalo musunge lophikira dothi mu Okutobala. Nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa kalabu yanu tisanafesenso nazale.