Nthambi za Boma Ziyambe Ndizo Kulipira Madzi

Mzinda wa Blantyre udamangidwa pamtunda, pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, pamene madzi amene anthu ake amamwa ali kunsi, mumtsinje wa Shire. Madzi ambiri otuluka pampopi ku Limbe, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa amatungidwa ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda, ndipo makina amawakankha kuti akwere mamita pafupifupi 800, kudzera pa malo opopera a ku Chileka, asadafike m'mathanki a m'mapiri. Chimene chimawakweza ndi magetsi, ndipo magetsiwo ali ndi mtengo wake. Aliyense amene ali ndi udindo m'Boma kapena m'Chipani ayenera kumvetsa kaye mfundo imeneyi asadayambe kudandaula kuti mipopi yauma.

Bungwe la Blantyre Water Board lidayamba ntchito yake mu 1929, mzinda uli waung'ono, ukumwa madzi a damu la Hynde. Anthu atachuluka kudamangidwa damu la Mudi m'zaka za m'ma 1950, ndipo nalonso litachepa, malo a ku Walker's Ferry adatsegulidwa mu 1963. Lamulo la Waterworks Act la 1995 lidaika dziko lonse m'manja mwa mabungwe asanu a madzi: la Blantyre, la Lilongwe, ndiponso la Chigawo cha Kumpoto, la Chigawo cha Pakati ndi la Chigawo cha Kumwera. Cholinga cha makonzedwe amenewa chidali chakuti bungwe lililonse, ngakhale ndi la Boma, lizidziyendetsa ndi ndalama zimene limapeza pogulitsa madzi, osati kumangodikira thandizo la ku Unduna wa Zachuma. Tsono bungwe loyenera kudzidyetsa lokha silingakhale ndi moyo ngati ogula ake aakulu salipira.

Ndalama za bungweli zili ndi kopita kodziwika. Bilu ya magetsi a ESCOM ndiyo imatenga gawo lalikulu koposa. Kenaka pali mankhwala oyeretsera madzi, monga alamu ndi kolorini, amene amafunika ochuluka nthawi ya dzinja pamene Shire wadzaza matope ochokera m'minda ndi m'mapiri opanda mitengo. Palinso mapampu, mamita, mapaipi ndi zitsulo zokonzera makina. Zambiri mwa zimenezi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, pamene madzi amagulitsidwa mu kwacha. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nitsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense ameneyu adakwera mtengo usiku umodzi, koma bungwe la madzi silingakweze mtengo wake popanda chilolezo cha Boma. Kuonjezera apo pali ngozi zachilengedwe: mu Januwale 2015 madzi osefukira adakwirira ndi mchenga malo otungira madzi ku Walker's Ferry, mzinda nukhala pa ludzu masiku ambiri, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adawononga mapaipi ndi zipangizo zina.

Mavuto amenewa sadawapange munthu wa mu ofesi, ndipo palibe amene angamdzudzule chifukwa cha iwo. Koma alipo mavuto awiri amene adapangidwa ndi manja a anthu, ndipo manja a anthu omwewo angathe kuwathetsa.

Loyamba ndi madzi otayika. Zikalata za ntchito ya madzi imene World Bank idavomereza mu 2023 zidasonyeza kuti pafupifupi theka la madzi amene bungweli linkapopa silinkabweretsa ndalama. Ena amathera pansi m'mapaipi akale ophulika, ena amabedwa ndi anthu olumikiza mipopi usiku, ena amadutsa m'mamita akufa kapena oseweretsedwa dala. Tanthauzo lake ndi lakuti pa ndowa ziwiri zilizonse zokwezedwa kuchokera ku Shire, zothiridwa mankhwala ndi kulipiridwa magetsi, imodzi yokha ndiyo inkagulitsidwa. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka, ndipo ndalama ya magetsi amene adakweza madziwo nayonso siwoleka.

Lachiwiri, limene lili lochititsa manyazi kwambiri, ndi ngongole za nthambi za Boma. Kwa zaka zambiri mabungwe a madzi akhala akudandaula ku makomiti a Nyumba ya Malamulo kuti maunduna ndi nthambi za Boma ali nawo ngongole za mabiliyoni a kwacha. Mmene ngongolezi zimakulira si chinsinsi kwa wantchito wa Boma aliyense. Nyumba ya Malamulo imavomereza ndalama zoyendetsera ofesi, ndipo m'katimo muli gawo la madzi ndi magetsi. Ndalama zikafika zochepa, mkulu wa ofesi amayang'ana amene angadikire. Wogulitsa mafuta sadikira, a maalawansi a msonkhano wa kunyanja sadikira, choncho bilu ya madzi ndiyo imabwezedwa m'kabati. Mkuluyo amadziwa kuti bungwe la madzi silingathamangire kutseka mpopi wa chipatala, wa ndende, wa sukulu yogonera komweko kapena wa nyumba za asilikali, pakuti miyoyo ya anthu ili pamenepo. Motero chifundo cha bungwe chimasanduka chida cholimenyera.

Zotsatira zake zimayenda ngati unyolo. Bungwe losalipidwa limachedwa kulipira ESCOM, limachedwa kulipira ogulitsa mankhwala, ndipo limakabwereka ku banki pa chiwongoladzanja kuti lilipire antchito ake. Chimene chimayamba kusiyidwa ndi ntchito yokonza: paipi yoyenera kusinthidwa imangomangidwa ndi mphira, pampu yoyenera kupumitsidwa imayendetsedwa mpaka itapsa. Paipi yosakonzedwa imataya madzi ambiri, madzi otayikawo amachepetsanso ndalama, ndipo vuto lachiwiri limakhala likudyetsa loyamba.

Amene amasenza mtolo wonsewu si mkulu wa ofesi uja ayi. Ndi mayi wa ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Bangwe amene amadzuka tambala woyamba kukaima pamzere pa kiyosiki, ndowa m'manja, ndalama atamangirira pa chitenje. Iyeyu sapatsidwa madzi pangongole. Amalipira asadatunge, tsiku ndi tsiku, ndipo mpopi ukauma amatsikira ku chitsime chosatetezedwa kapena ku mtsinje wa Nasolo. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo ambiri a iwo amakhala m'madera othithikana kumene tsiku limodzi lopanda madzi apampopi lingathe kudzetsa maliro. Sikoyenera konse kuti munthu wosauka azilipira msanga kuposa Boma limene limamulamulira.

Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera ali ndi phunziro lawo pa makiyosiki omwewa. Idalipo nthawi imene makiyosiki ambiri ankayendetsedwa ndi timakomiti tosankhidwa potsata mphamvu za ndale za m'deralo. Anthu ankalipira pa ndowa iliyonse, koma ndalamazo sizinkafika ku bungwe la madzi. Ngongole zidaunjikana, makiyosiki adatsekedwa, ndipo olangidwa adali anthu amene adalipira kale. Zinthu zidayamba kusintha cha m'ma 2009 pamene kudakhazikitsidwa magulu a ogwiritsa ntchito madzi, a Water Users Association, okhala ndi akaunti ku banki, ogulitsa madzi olembedwa ntchito ndi mabuku owerengedwa. Mtsogoleri woyesa kubwezera makiyosiki m'manja mwa anyamata ake, kapena wotchinjiriza mbale wake wogwidwa ndi paipi yakuba, akunyozetsa Chipani chimene amati akuchitumikira.

Kusamala komweku kukufunika pa makontirakiti, pakuti apa ndi pamene pamadutsa ndalama zazikulu. Malo a ku Walker's Ferry amatha kutulutsa makiyubiki mita 96,000 patsiku, koma mzinda udawapitirira. Nchifukwa chake Boma lidabwereka madola 23.5 miliyoni ku Exim Bank ya ku India, ndipo mu 2019 madzi a mtsinje wa Likhubula ku Mulanje adayamba kufika ku malo oyeretsera a ku Nguludi, makiyubiki mita 20,000 patsiku. Ubwino wa ntchito imeneyo ndi wakuti madziwo amatsika okha kuchokera m'phiri mpaka ku Nguludi osafuna magetsi. Komabe walira mvula walira matope: ngongole ya madola imabwezedwa mu madola, ndipo kwacha ikagwa ngongoleyo imakula. Mu Malichi 2023 World Bank idavomereza madola 145 miliyoni a ntchito za madzi ndi ukhondo mumzinda wa Blantyre. Ndalama zotere zikalowa, ofuna kudyerapo amachuluka.

Zimene zidachitika ku Lilongwe zikhale chenjezo. Ntchito yokoka madzi a m'nyanja kuchokera ku Salima kupita ku likulu, mtunda wa makilomita oposa 100, idaperekedwa kwa kontirakitala kafukufuku wa mmene ingakhudzire chilengedwe asadachitike. Mu 2017 bungwe la Malawi Law Society lidatengera nkhaniyo ku khoti, ndipo padapita zaka zingapo ntchito yeniyeni isadayambe, anthu a mumzinda wa Lilongwe akudikira. Kudumpha ndondomeko pofuna kufulumira ndiko kudachedwetsa zonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lamulo la 2017 lokhudza kagulidwe ka katundu wa Boma lidakhazikitsa bungwe la PPDA, ndipo lidalamula kuti bungwe lililonse la Boma likhale ndi komiti yake yoona zogula, kuti ntchito zizilengezedwa poyera, makampani apikisane, wopambana adziwike. Ndondomeko imeneyi ndiyo mpanda wa chuma cha anthu. Kampani yopatsidwa ntchito chifukwa cha telefoni ya munthu wamkulu imabweretsa mamita oleka kugwira ntchito chaka chisadathe, imakwirira mapaipi opyapyala m'ngalande zosazama, kenaka imabweranso kudzapempha ndalama zoonjezera. Injiniya wosayina kuti ntchito yatha iye asadaiyendere ndi wolakwa mofanana ndi kontirakitalayo.

Mamembala a bodi amene Boma limawasankha akumbukire kuti mpando umenewo si mphotho ya ntchito ya pa chisankho. Udindo wawo ndi kufunsa mafunso ovuta: madzi apopedwa angati mwezi uno, agulitsidwa angati, ndalama zatoleredwa zingati, ndi ndani ali ndi ngongole yaikulu, ndipo kontirakiti yakutiyakuti yakweranso mtengo chifukwa chiyani. Sayenera kubwera ndi mayina a adzukulu ofuna ntchito kapena a makampani a anzawo. Mabuku a chuma awerengedwe ndi akatswiri chaka ndi chaka, pa nthawi yake, ndipo aperekedwe ku Nyumba ya Malamulo kuti eni ake a bungweli, amene ndi anthu a dziko lino, aone mmene chuma chawo chikuyendera.

Choncho zofunika kuchita ndi zodziwika. Mlembi wamkulu wa unduna uliwonse, bwanamkubwa ndi mkulu wa nthambi iliyonse atulutse bilu ya madzi m'kabati, agwirizane ndi bungwe za kabwezedwe ka ngongole yakale, ndipo bilu ya mwezi uno ailipire mwezi uno. Kumene izi zalephereka, Unduna wa Zachuma uzidula ndalamazo zisadafike ku nthambiyo, nuzitumiza ku bungwe la madzi. Maofesi amene adaikiridwa mamita olipiriratu asawalambalale, ndipo nyumba za Boma zimene matanki ake amasefukira usiku wonse zikonzedwe. Bungwe nalo lisayembekeze kulipidwa lili chikhalire: likonze mapaipi ophulika tsiku lomwe lauzidwa, lichotse antchito ake amene amathandiza kuba madzi, ndipo lilengeze poyera makontirakiti onse amene lapereka.

Boma limene limauza anthu kuti alipire msonkho ndi mabilu awo liyenera kukhala loyamba pamzere wolipira. Wantchito wa Boma amene wasunga bilu ya madzi m'kabati mwake adziwe kuti watseka yekha mpopi wa ku Ndirande, ndipo anthu a kumeneko ali ndi ufulu womufunsa chifukwa chake.