Musajambule khadi la ku banki, anzanga!

Anzanga, chaka chino ndinatsala pang'ono kulephera kulembetsa mayeso a JCE chifukwa cha chithunzi chimodzi. Achimwene anga amagwira ntchito ku Johannesburg. Ankafuna kundigulira nsapato za kusukulu kwa munthu wina wogulitsa pa Facebook. Munthuyo anati, "Jambulani khadi lanu la ku banki kutsogolo ndi kumbuyo, munditumizire pa WhatsApp." Achimwene anajambuladi. Patangotha masiku atatu, ndalama zonse mu akaunti yawo zinali zitasesedwa, kuphatikizapo za mayeso anga. Amayi anachita kugulitsa mbuzi. Nsapatozo mpaka lero sindinazione.

Achimwene sanaulule PIN ayi. Nanga wakubayo analowera pati? Khadi la Visa kapena Mastercard limakhala ndi manambala 16, mwezi ndi chaka chimene lidzathere ntchito, komanso manambala ena atatu kumbuyo. Pamasamba ambiri a pa intaneti, munthu wodziwa zinthu zitatuzi akhoza kugula katundu khadilo lili phee m'thumba la mwini wake.

Maganizo anga ndi akuti wogulitsa aliyense wa pa intaneti asamaone ngakhale kusunga manambala amenewa. Njira yake ilipo, amaitcha tokenization. Kuti muimvetse, taganizirani za mayeso athu. Papepala la MANEB timalemba nambala ya mayeso, ndipo wochonga amangoona nambalayo. Amene akudziwa kuti nambala imeneyi ndi ya uje ndi a MANEB. Khadinso n'chimodzimodzi. Wogulitsa amalumikiza tsamba lake ndi kampani yodutsitsa malipiro. Wogula amalemba manambala ake pamalo a kampaniyo, ndiye iyo imapatsa wogulitsa nambala ina yoimira khadilo, yotchedwa token. Nambala yoimirayi imagwira ntchito kwa wogulitsa yekhayo basi. Mbava ikaiba n'kupita nayo kwina, yangotola chitsononkho. Si zachilendotu izi: a Visa anayamba kupereka ma token m'chaka cha 2014.

Wina anena kuti, "Aaa, makampaniwo amadula kangachepe pa malonda alionse, ndiye phindu litsala pati?" N'zoona, amadula. Koma tikamatulutsa ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba sitidulidwa kodi? Timalolera chifukwa tikudziwa kuti ndalama ifika. Kangachepe kameneko sikangafanane ndi mbuzi ya amayi. Komanso wogulitsa wosunga zithunzi za makhadi a anthu mufoni mwake, ngakhale atakhala wachilungamo, foniyo ikabedwa mu minibasi ndiye kuti waberetsa onse.

Winanso ati, "Ife akumudzi makhadi tiwaonera kuti?" Tandiuzani, agogo akafuna kuwerenga uthenga wapafoni amaitana ndani? Si ife? Abale athu a ku Joni akafuna kutumiza kanthu, foni imagwiridwa ndi mwana wasukulu. Ndiponso ena mwa ife tikamaliza Fomu 4 tidzagulitsa zitenje, uchi kapena mtedza pa intaneti.

Ndiye pempho langa ndi ili. Munthu akati mujambule khadi, kanani, ngakhale alankhule mokoma bwanji. Mukadzatsegula bizinesi yanu, musadzapemphe wogula manambala a khadi lake. Ndipo mukafika kunyumba madzulo ano, akuluakulu muwafotokozere zimenezi. Kwathu tinaziphunzira mbuzi itapita kale.

Wophunzira mnzanu wa Fomu 2